Mbiri ya anthu amene anayesa kunamiza Google

Chaka chatha, kutatsala milungu yochepa kuti mwambo wa Kulamba uchitike ku Mkaika, amalume anga anandiitana kunyumba yawo yogona alendo kufupi ndi Katete Stores. Ali ndi zipinda 6 chabe, ndipo mwezi wa Ogasiti ndiye nthawi yawo yokolola, pakuti Achewa a ku Malawi, a ku Mozambique ndi a kuno kwathu amadzaza Katete yense pobwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Nyumbayo ili ndi kawebusaiti kamene mwana wawo anawapangira ali ku koleji. Amalume anandionetsa uthenga umene unafika pa WhatsApp. Munthu wina amene sitinamuonepo nkhope ankalonjeza kuti akapatsidwa ndalama, aika kawebusaitiko pamwamba penipeni pa Google sabata isanathe.

"Iwe wa ku wailesi, zimenezi ukuziona bwanji?"

"Amalume, tayambani mwadikira, ndikafunseko kwa odziwa."

Sanadikire. Anatumiza ndalama pa foni tsiku lomwelo, pamodzi ndi nambala yachinsinsi yolowera m'kawebusaitiko. Munthuyo anagwiradi ntchito. Pansi pa tsamba anathirapo mawu achingerezi obwerezabwereza onena za malo ogona otchipa mu Zambia, nawalemba ndi utoto woyera pamalo oyera kuti munthu asawaone. Kenako dzina la nyumba ya amalume linayamba kupezeka pa masamba achilendo a juga ndi a mankhwala ochepetsa thupi. Patapita miyezi iwiri, ngakhale ulembe dzina lenileni la nyumbayo, kawebusaitiko sikankaonekanso patsamba loyamba. Nambala ya munthu uja inali itazima.

Ndinachita manyazi, chifukwa nditafunsidwa ndinalibe yankho lomveka. Ndiye ndinayamba kuwerenga, ndipo ndinapeza kuti chimene amalume anagula ndi chinyengo chakale kuposa ambiri a inu amene mukuwerenga pano. Chili ndi mbiri yake, zaka zake, ndi mayina a makampani akuluakulu amene anapsa nacho zala.

Kaundula wolembedwa ndi manja

Intaneti itangoyamba, vuto lalikulu linali kupeza chinthu. Mu 1990, Alan Emtage, wophunzira wochokera ku Barbados amene anali pa yunivesite ya McGill ku Montreal, anapanga pulogalamu yotchedwa Archie. Inkangosonkhanitsa mayina a mafaelo osungidwa m'makompyuta osiyanasiyana, osawerenga za m'kati mwake. Chaka chotsatira, njira ya masamba olumikizana imene Tim Berners-Lee anapanga ku CERN, kufupi ndi Geneva, inatsegulidwa kwa anthu onse, ndipo masamba anayamba kuchuluka ngati bowa wa m'dzinja.

Mu 1994, ophunzira awiri a pa Stanford, Jerry Yang ndi David Filo, anayamba kulemba mndandanda wa mawebusaiti ndi manja, kuwaika m'magulu monga a masewera, a nkhani ndi a maphunziro. Mndandandawo ndi umene unadzakhala Yahoo. Unali ngati kaundula wa a nyakwawa: kuti ulembedwemo, munthu ankayamba wakuona kaye. Chaka chomwecho cha 1994, Zambia inalumikizidwa ku intaneti kudzera mwa ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, ndipo tinali m'gulu la maiko oyambirira mu Africa. Pofika Febuluwale 1996, nyuzipepala ya The Post inali kale pa intaneti, moti boma la a Frederick Chiluba litaletsa kope nambala 401, chiletsocho chinakhudzanso tsamba lake la pa intaneti. Sitinachedwe kufika. Koma zimene zinkalembedwa zinali za ku Lusaka, komanso za m'Chingerezi.

Masamba atafika mamiliyoni, manja a anthu analephera. Mu Disembala 1995 kunabwera AltaVista, makina amene ankayenda okha pa intaneti, kuwerenga masamba ndi kusunga mawu onse amene awapeza. Ukalemba liwu, ankakupatsa masamba amene liwulo likupezekamo, ndipo tsamba lolitchula kwambiri linkakonda kukwera pamwamba. Apa ndi pamene panabadwira ntchito imene cha m'ma 1997 inayamba kutchedwa SEO, kutanthauza kukonza webusaiti kuti makina ofufuzira aziipeza msanga ndi kuiika patsogolo. Ntchitoyi payokha si yoipa. Kulemba mutu womveka wa tsamba kuli ngati kulemba chikwangwani chooneka bwino pa kantemba kako.

Koma ena anaona msanga kuti makinawo ndi osavuta kupusitsa. Ngati akuwerenga kuchuluka kwa mawu, bwanji osalemba liwu limodzi ka 500? Poti alendo angadabwe, bwanji osalibisa ndi utoto wofanana ndi wa tsamba? Ena ankalemba mayina a oimba otchuka m'malo obisika a tsamba logulitsa zinthu zosagwirizana n'komwe. Aliyense amene anakwerapo basi pa Intercity ku Lusaka amawadziwa ang'wang'wazi amene amafuula dzina la Chipata kosalekeza, pamene basiyo inyamuka madzulo. Masamba a m'zaka zimenezo ankafuula chimodzimodzi. Anthu a ntchitoyi anadzagawika pawiri, a chipewa choyera ndi a chipewa chakuda, mayina otengedwa m'mafilimu akale a ku America momwe munthu woipa ankavala chipewa chakuda. Zimene anachita munthu wa amalume, zobisa mawu oyera pamalo oyera, ndi za nthawi imeneyo. Anawagulitsa mankhwala amene anatha mphamvu zaka zoposa 20 zapitazo.

Ndani akukuchitira umboni?

Mu Sepitembala 1998, ophunzira enanso awiri a pa Stanford, Larry Page ndi Sergey Brin, anakhazikitsa Google. Nzeru yawo, yotchedwa PageRank, inali yakuti zimene tsamba likunena za lokha si zokwanira, tione zimene masamba ena akunena za ilo. Tsamba lina likaika linki yolozera kwa iwe, likukuchitira umboni. Ndipo maumboni salemera mofanana. Linki yochokera ku tsamba limene nalonso ambiri amalikhulupirira imalemera kuposa malinki 100 ochokera ku masamba osadziwika. Kwathu kuno izi si zachilendo. Mnyamata akafuna mbeta m'mudzi wina, akuchikazi samangomvera zodzitama zake, amatuma munthu kukafunsa kwawo. Ndipo mawu a mfumu ndi mawu a chidakwa cha pamowa satengedwa mofanana.

Kwa zaka zingapo njirayi inayeretsa zinthu, ndipo anthu anasiya AltaVista n'kuthamangira ku Google. AltaVista inafota pang'onopang'ono mpaka Yahoo, imene inadzakhala mwini wake, inaitseka mu 2013. Koma a chipewa chakuda sanagone. Ngati umboni ndiwo ukufunika, umboni ugulidwa. Anayamba kupanga masamba mazanamazana opanda ntchito ina koma kulozerana okhaokha ndi kulozera kwa amene walipira. N'chimodzimodzi anthu aja amene amapatsidwa kandalama kuti akhale m'basi ioneke yodzaza, iwe ukangolipira ndi kukhala pansi, iwo n'kumatsika mmodzimmodzi.

Kufooka kwa njirayi kunaonekera poyera mu 2003, pamene anthu ambiri anagwirizana kuika malinki okhala ndi mawu akuti "miserable failure", kutanthauza wolephera momvetsa chisoni, onse olozera ku tsamba la mbiri ya Pulezidenti George W. Bush pa webusaiti ya White House. Ukalemba mawuwo pa Google, tsamba la pulezidentiyo linkabwera poyamba, ngakhale mawuwo munalibe m'tsambamo. Google inadzakonza zimenezi mu Januwale 2007. Mu Novembala 2003 inasinthanso kawerengedwe kake mwadzidzidzi, kusintha kumene anthu anakutcha Florida, ndipo masitolo ambiri a pa intaneti anazimiririka patsamba loyamba Khirisimasi ili pafupi. Mu Januwale 2005, Google, Yahoo ndi MSN anagwirizana za kachizindikiro kotchedwa nofollow, kouza makina kuti linki iyi isawerengedwe ngati umboni, chifukwa anthu anali atadzaza malinki a malonda paliponse pamene munthu wamba amaloledwa kulembapo.

Akuluakulu nawo anapsa

Mwina mukuganiza kuti zoterezi zimagwira anthu ang'onoang'ono ngati amalume. Mu Febuluwale 2006, Google inachotsa webusaiti ya ku Germany ya kampani ya magalimoto ya BMW pa mndandanda wake. Kampaniyo inali ndi masamba a nkhope ziwiri: makina akafika ankaona mawu odzaza, munthu akafika ankatumizidwa ku tsamba lina lokongola la zithunzi. BMW inachotsa masambawo ndipo inabwezeretsedwa patapita masiku ochepa, koma nkhani inali itamveka dziko lonse.

Mu Febuluwale 2011, nyuzipepala ya The New York Times inaulula kuti sitolo yaikulu ya ku America, J.C. Penney, inakhala pa nambala 1 kwa miyezi ingapo pa zinthu zambiri, monga madiresi, zofunda ndi mipando, chifukwa cha malinki masauzande oikidwa pa masamba osagwirizana ndi malonda ake. Eni sitoloyo anati sankadziwa, ndipo anachotsa ntchito kampani imene anailemba kuti iziwakonzera za SEO. Google sinamvere zimenezo. Pa mawu ofufuzira mipando ya pabalaza, sitoloyo inachoka pa nambala 1 n'kufika pa 68. Apa pali phunziro limene amalume analimva mochedwa: ukalemba munthu ntchito n'kukachita zachinyengo m'dzina lako, chilango chimagwera tsamba lako, iye atapita kale.

Mwezi womwewo Google inatulutsa kusintha kotchedwa Panda, dzina la mmodzi wa mainjiniya ake. Kunalimbana ndi mawebusaiti amene ankalemba anthu ntchito yolemba tinkhani tambirimbiri topanda mutu, tongofuna kukopa makina kuti otsatsa malonda alipire. Google inati kusinthaku kunakhudza mafunso pafupifupi 12 pa 100 aliwonse ku America. Pa 24 Epulo 2012 kunabwera Penguin, yolimbana ndi malinki ogula. Anthu amene analipira kuti malinki aikidwe anayamba kulipiranso kuti achotsedwe, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho Google inatulutsa chida chakuti mwini webusaiti azitha kukana malinki amene sakuwafuna.

Tisaiyese Google ngati mngelo. Mu Januwale 2012 inapezeka kuti kampeni yotsatsa pulogalamu yake ya Chrome inali ndi linki yolipiridwa, ndipo inatsitsa yokha tsamba la Chrome kwa masiku 60. Mwezi womwewo ku Kenya, kampani ya Mocality, imene inkalemba kaundula wa mabizinesi ang'onoang'ono, inaulula kuti anthu ogwira ntchito m'dzina la Google ankatenga manambala m'kaundula wake, n'kumaimbira eni mabizinesi ponama kuti makampani awiriwo akugwirira ntchito limodzi. Google inapepesa. Ndipo mu Ogasiti 2024, woweruza wa ku America Amit Mehta anagamula kuti Google inaphwanya lamulo posunga msika wa kufufuza pa intaneti m'manja mwake mokha. Choncho malamulo amene tikukambawa ndi a kampani yofuna phindu, imene imasintha zinthu osatifunsa. Koma phindu lakelo limadalira kuti munthu akafufuza apeze chimene akufuna. Akapanda kuchipeza apita kwina, monga anachitira ndi AltaVista. N'chifukwa chake chinyengo chilichonse chikafala, kampaniyo imachisaka.

Mmene ife tinalowera

Nkhondo zonsezi zinkachitika ambiri a ife kuno kum'mawa tisanagwirepo kompyuta. Ife tinalowa pa intaneti kudzera pa foni. Mu Julayi 2014, Zambia inakhala dziko loyamba kulandira pulogalamu ya Internet.org ya Facebook mogwirizana ndi Airtel, yolola anthu kutsegula Facebook, Wikipedia ndi masamba ena ochepa popanda kugula bandulo. Kwa achinyamata ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, intaneti inayamba kutanthauza Facebook, kenako WhatsApp. N'chifukwa chake bizinesi zambiri za kuno zili ndi tsamba la Facebook koma zilibe webusaiti, ndipo amene ali nayo sadziwa mmene imapezekera. Umbuli umenewu ndiwo munda wa anthu ngati uja anadyera amalume.

Foni inasinthanso malamulo. Kuyambira pa 21 Epulo 2015, Google inayamba kukondera masamba owerengeka bwino pa foni kwa anthu ofufuza ndi foni. Kwa ife izi n'zomveka. Tsamba lolemera ndi zithunzi zazikulu limadya bandulo, ndipo kumene netiweki imavuta, monga m'midzi yambiri ya ku Vubwi, munthu amalitseka lisanatseguke n'komwe.

Mu Disembala 2014, Google Translate inawonjezera Chichewa. Tinasangalala, koma chida chomwechi chinatsegula khomo la chinyengo chatsopano. Munthu amene sadziwa ngakhale moni wa Chinyanja atha kutenga nkhani zachingerezi 1,000, kuzitembenuza ndi makina m'zinenero zambiri, n'kuziponya pa intaneti kuti adyepo ndalama za otsatsa malonda. Mu Januwale 2024, ofufuza ena, ambiri a iwo a ku kampani ya Amazon, anafalitsa zimene anapeza zakuti gawo lalikulu la zolembedwa pa intaneti m'zinenero zokhala ndi masamba ochepa ndi lotembenuzidwa ndi makina, ndipo n'losalongosoka. Inu nomwe munakumanapo nawo masamba otere. Mawu ake ndi a Chichewa, koma ukawerengera agogo mokweza amafunsa kuti munthuyu akuti chiyani.

ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, kupanga nkhani zambirimbiri kunatchipiratu. Google inali itayamba kale mu Ogasiti 2022 kutsitsa masamba olembedwera makina m'malo mwa anthu, ndipo mu Malichi 2024 inalengeza malamulo atsopano oletsa kupanga masamba ochuluka pongofuna kukwera, kaya walemba ndi munthu kaya ndi makina, komanso kugula dzina la webusaiti yakale yodalirika n'kuthiramo zinyalala.

Mukaiona mbiri yonseyi kuyambira 1995, ikuyenda mofanana. Wina amapeza kamng'alu, amadyerera kwa zaka zingapo, anthu ambiri amamutsanzira, kenako mng'aluwo umamatidwa, ndipo amene analowa mochedwa ndi amene amapanikizika. Ife a kuno nthawi zambiri timalowa mochedwa. Chinyengo chikamafika pa WhatsApp ya munthu wa ku Katete chimakhala chitatha kale ntchito kumene chinachokera, ngati salaula yong'ambika imene yasankhidwa kale ku Lusaka.

Zimene zakhalitsa

M'zaka zonsezi muli zinthu zimene sizinagwepo. Tsamba limene likuyankha funso lenileni la munthu, lolembedwa ndi wodziwa nkhaniyo, lokhala ndi mutu wonena zimene zili m'katimo, lotseguka msanga, ndiponso lotchulidwa ndi ena mwa kufuna kwawo, lapulumuka Florida, Panda ndi Penguin. Google yenyeyo imanena poyera m'malangizo ake kuti palibe munthu amene angakutsimikizire nambala 1. Wina akakulonjeza zimenezo, wayamba kale kukunamiza.

Ine ndi msuweni wanga, mwana wa amalume uja, tinakhala pansi masabata angapo. Tinasintha nambala yachinsinsi, n'kuchotsa mawu onse obisika. Tinalembetsa webusaitiyo ku Search Console, chida chaulere cha Google chimene chimaonetsa mawu amene anthu amalemba kuti akupeze ndiponso ngati tsamba lako lapatsidwa chilango. Tinalembanso tsamba loyamba m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, kunena zoona zokhazokha: zipinda zilipo zingati, mtengo wake, madzi otentha alipo kapena ayi, magetsi akazima timatani, ndiponso munthu akatsika basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata ayende bwanji. Zithunzi tinajambula ndi foni, tinazichepetsa kuti zisadye bandulo. Tinaika nyumbayo pa mapu a Google, zimenenso n'zaulere, ndipo amalume anayamba kupempha alendo amene agonadi kuti alembepo maganizo awo. Mnyamata wina anabwera kudzati atha kulemba mayamiko 50 ndi mayina osiyanasiyana. Amalume anamuuza kuti, "Mwana wanga, ndinapsa kale, pita."

Tinaganiziranso za amene amagona m'nyumbayo pamene si nthawi ya Kulamba. Ambiri ndi odikirira odwala ku chipatala cha St Francis, madalaivala a malole odzera ku Chanida popita ku Mozambique, ndi aphunzitsi obwera kumisonkhano. Palibe mmodzi wa iwo amene amalemba kuti akufuna malo ogona abwino koposa mu Zambia yense. Amalemba kuti akufuna chipinda kufupi ndi chipatala ku Katete. Amalume sangapikisane ndi mahotela a ku Livingstone, ndipo safunika kutero. Tinaonanso kuti kalembedwe kali ndi kanthu. Amene anaphunzira sukulu kuno amalemba "cipinda" ndi "Cinyanja", pamene abale athu a ku Malawi amalemba "chipinda" ndi "Chichewa". Tinaonetsetsa kuti onse awiri akafika patsambapo amve kuti alandiridwa, popanda kuunjika mawu ngati uja anachitira.

Zinatenga miyezi, osati sabata. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ukalemba dzina la nyumbayo imabwera, ndipo amalume amalandira mafoni a anthu amene sanawaonepo, ena ochokera ku Lilongwe ndi ku Tete. Ndalama zimene anatumiza kwa munthu uja sizinabwerere.

Malo amene ali pululu

Chimene chinandikhudza kwambiri pa kuwerenga konseku si nkhani ya amalume. Tayesani kufufuza za Kulamba pa foni yanu. Zambiri zimene mupeze ndi nkhani zachingerezi za m'manyuzipepala, zonena kuti nduna yakuti inafika ndipo inalankhula zakuti. Mwambo umenewu unayambiranso mu 1984 utakhala zaka zambiri osachitika, ndipo anthu amene anaona chaka choyambacho ndi maso awo akadali moyo m'midzi yozungulira Mkaika. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, koma zambiri zimene zili pa intaneti za iye analemba ndi alendo. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo mwana wa sukulu wofuna kudziwa mbiri ya malo amenewa m'chinenero chake amabwerako chimanjamanja.

Ku America anthu ankagula malinki chifukwa masamba opikisana pa liwu limodzi anali mamiliyoni. Ife tilibe vuto limenelo. Pa nkhani zambiri za kwathu, m'chinenero chathu, mpando wapatsogolo ulibe munthu. Amene angalembe bwino mmene amaphikira chikanda kapena chiwawa, mitengo ya mtedza ndi soya pamsika wa Katete mwezi uno, kapena zimene agogo ake amakumbukira za msewu wa Great East usanaikidwe tala, safunika chinyengo chilichonse. Akapanda kulemba iye, malowo adzadzazidwa ndi masamba otembenuzidwa ndi makina, ndipo makina atsopano amene masiku ano amayankha mafunso adzaphunzira Chinyanja chathu kuchokera ku zinyalalazo.

Ku wailesi kumene ndimathandizako tinaphunzira kalekale kuti omvera sapusitsika kawiri. Ukatchula mtengo wa chimanga wolakwika, foni imalira nyimbo isanathe, ndipo mayi wa kumsika amakukonza dera lonse likumva. Ukanena zoona kwa zaka, anthu amauzana okha kuti tsegulani pakuti nthawi yakuti. M'Chinyanja liwu lakuti mbiri limanena zinthu ziwiri, zimene zinachitika kale ndi zimene anthu amakamba za iwe. Larry Page ndi Sergey Brin anayesa kuphunzitsa makina kuyeza mbiri yachiwiriyi, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuyesa kuigula pamtengo wotsika.

Ogasiti akubweranso. Ngati mupita ku Mkaika Loweruka lomaliza la mweziwo, tengani foni yochajidwa bwino, mupeze munthu wachikulire amene analipo mu 1984, mupemphe chilolezo, mumufunse mmene zinalili. Mukabwerako lembani zimene wanena, m'mawu ake, ndi dzina la mudzi wake ngati walola. Ikani mutu womveka, kuti wofufuza adziwe zimene zili m'katimo. Ndipo uthenga wolonjeza nambala 1 pa sabata imodzi ukafika pa foni ya amalume anu, muwauze za BMW ndi J.C. Penney asanatumize ndalama.